Masitepe atatu omwe anatichititsa manyazi

Ambiri mwakhala mukutipempha ku inbox kuti tiike pano mawu omwe tinayankhula pa msonkhano wathu wa pa 3 December ku Domasi. Nawa, monga momwe tinayankhulira. Ndi aatali pang'ono, koma werengani mpaka kumapeto, mukatero mutumizireko mnzanu.

Amayi athu, achemwali, atsikana anzathu, komanso abambo ochepa omwe mwalimba mtima n'kubwera, mwaswera bwanji? Zikomo kwambiri chifukwa chobwera ngakhale mitambo yakhala ikutiopseza kuyambira m'mawa.

Lero ndi pa 3 December, tsiku lomwe dziko lonse lapansi limakumbukira anthu aulumali. Tsikuli limapezeka mkati mwa masiku 16 olimbana ndi nkhanza kwa amayi ndi atsikana, omwe amayamba pa 25 November n'kutha pa 10 December. Zaka zonsezi takhala tikuvala ma T-shirt athu, kuguba, kuimba mpaka mawu kusasa, koma tsiku la 3 December limangotidutsa ngati si lathu. Ndiye lero tisanaloze chala aliyense, tiyambe taulula kulakwa kwathu.

Chaka chatha tinakonza msonkhano ngati uno, konkuno ku Domasi, mu holo ina yomwe sitiitchula dzina. Tinaitana achemwali ena a kutsidya kwa mtsinje, mayi wa ana awiri, telala wodziwika bwino m'mudzi mwawo, amene amayenda pa njinga ya anthu aulumali. Tinawaitana ndife tomwe, tinachita kuwaimbira foni kawiri, kuwauza kuti tikufuna adzayankhule. Analawirira m'mamawa, mwana wawo wamkazi akuwakankha. Atafika pa holo paja anapeza masitepe atatu.

Anyamata anathamanga kuti awanyamule pamodzi ndi njinga yomwe. Anakana. Anatiuza mwaulemu kuti anatchena kuti adzayankhule pagulu, osati kuti adzanyamulidwe ngati thumba la chimanga anthu akuonerera. Anakakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumamvetsera kudzera pa windo. Ife mkati tili kalikiliki kuomba m'manja, wina akuyankhula pa maikolofoni kuti tisasiye mayi aliyense m'mbuyo. Nthawi ya nkhomaliro isanakwane anabwerera kwawo. Tinadzamva pambuyo pake kuti kuyambira m'mawa sanamwe madzi ngakhale dontho, chifukwa ankadziwa kuti pamalopo palibe chimbudzi chomwe angalowe.

Abale, tinachita manyazi. Ife omwe timadzitcha omenyera ufulu wa amayi tinabwereka holo, tinawerengera mipando, ma fanta ndi ndalama ya transport, koma palibe mmodzi mwa ife amene anayang'ana pakhomo. Bwanji? Chifukwa miyendo yathu imakwera masitepe ife osadziwa n'komwe kuti takwera.

Titapita kukapepesa, sanatikalipire. Anangotipempha chinthu chimodzi: kuti tsiku lina tidzayende nawo kuchoka pakhomo pawo mpaka pamsewu waukulu. Tinapita, ndipo ulendo umenewo ndi womwe watibweretsa pano lero.

Inu a kuno mukudziwa momwe chigwa chathu chilili. Mtsinje wa Domasi umatsika kuchoka m'mapiri a Zomba ndi Malosa kulowera ku nyanja ya Chilwa, ndipo mvula ikagwa kumtunda madzi onse amathamangira kuno. Alendo amati ndi malo okongola, ndipo sanama. Koma tayesani kukankha njinga m'tinjira tathu. Poyamba kanjira kanali kopapatiza chifukwa eni minda akwezera mizere mpaka m'njira, tayala limodzi m'njira, lina mu mzere. Kutsogolo madzi anakumba chigwembe pakati penipeni. Pakhwawa panali ulalo wa mitengo ya bulugama yongogoneka, mipata yake yokwanira kumeza tayala. Pamenepo anatsika pa njinga n'kuwoloka chokwawa, chitenje chili matope okhaokha, ife titanyamula njinga. Mtunda womwe ife timayenda tikucheza pa WhatsApp unatitengera m'mawa wonse.

Titafika pa tala, pa msewu wa M3 wochoka ku Zomba kupita ku Liwonde, tinkaganiza kuti mavuto atha. Kumeneko ndiye kunali koopsa. Munthu wapansi alibe pake poyenda. M'mbali mwa tala muli mokumbika, a kabaza akudutsa, ma minibus akuima paliponse, malole akuliza hutala. Pamsika, kamalo komwe kakanakhala koyendamo anthu kadzadza ndi tomato, kaunjika ndi njinga zoimika. Ngalande zili kukamwa yasa, zopanda chovindikira. Tangoganizani mtsikana wosaona akuyenda pamenepo ndi ndodo yake yoyera. Tangoganizani mtsikana wosamva amene hutala ya lole kumbuyo kwake saimva. Titaimitsa minibus, yoyamba inangodutsa. Yachiwiri kondakitala anati njinga ilipiridwe ngati katundu.

Mwina wina akufunsa mumtima kuti, kodi nkhani ya misewu ndi masitepe yalowa bwanji m'gulu la amayi? Si ya ma injiniya ndi a khonsolo imeneyi? Timvetserane bwino apa. Ufulu uliwonse womwe timaumenyera uli ndi khomo lolowera. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 limagwira ntchito munthu akafika ku polisi kapena ku khoti. Lamulo la 2013 loti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi limanena za ufulu wa uchembere wabwino, koma ufulu umenewo umapezeka m'chipinda cha anamwino. Maphunziro a mtsikana ali m'kalasi. Ngati njira yopita kumeneko siyendeka, ngati pakhomo pali masitepe, ndiye kuti ufuluwo ndi wa amayi ena, osati onse.

Tiyambe ndi nkhanza, poti tili m'masiku 16. Timauza atsikana kuti wina akakuchita chipongwe usakhale chete, thamangira ku Victim Support Unit, pita kuchipatala asanathe maola 72 kuti ukalandire mankhwala oteteza ku HIV. Malangizo abwino. Nanga mtsikana amene sangatuluke m'mudzi popanda womunyamula? Amene amamukankha pa njinga, amene amamukweza pa kabaza, amene amamugwira dzanja powoloka msewu, nthawi zina ndi yemweyo amene akumuchita nkhanzayo. Akamuneneze bwanji munthu yemwe akuyenera kumuperekeza kokanenako? Anthu ankhanza amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amasankha amene sangathawe. Njira yoti mtsikana n'kuyenda yekha ndi chitetezo chake.

Tibwere kuchipatala. Ife tikafuna njira yolerera kapena kukayezetsa magazi timangozemba, kunyumba n'kunena kuti tapita kumsika. Mnzathu waulumali chinsinsi chimenecho alibe. Ayenera kupempha mlongo wake kapena apongozi kuti amufikitse, ndipo mudzi wonse udziwa. Akafika, bedi loyezerapo amayi oyembekezera ndi lalitali, achite kumukweza. Ngati ndi wosamva ndipo palibe wodziwa chinenero cha manja, womasulira amakhala mwana wake yemwe, kumamva nkhani za amayi ake zomwe mwana sayenera kumva. Ndiye pali mafunso aja omwe amayi aulumali amadandaula nawo kawirikawiri, oti nawenso mimba, wakupatsa ndani, ngati kuti iwo si akazi.

Kusukulu nako. Mukudziwa amayi omwe amabereka mwana kumsana kupita naye kusukulu m'mawa uliwonse. Ali Sitandade 1 zimatheka. Akafika Sitandade 4 kapena 5 mwana walemera, msana wa amayi watha, sukulu yathera pomwepo. Mwanayo nzeru anali nazo, yamulepheretsa ndi njira. Ndipo mtsikana amene wapirira mpaka kutha msinkhu amakumana ndi chimbudzi chokumba, chitseko chopapatiza, pansi ponyowa, poti alowe chokwawa ndi manja omwewo adyere. Masiku a kumwezi amangokhala kunyumba. Onaninso kuti amene amabereka, kukankha ndi kudikirira ndi ndani. Ndi amayi, ndi agogo aakazi, ndi mtsikana wamkulu m'banjamo amene amajomba kusukulu kuti aperekeze m'bale wake. Njira ikaipa, msana womwe umalipira ndi wa mkazi.

Sitinaiwale namondwe wa Freddy mu March 2023, momwe anasakazira chigawo chino cha kummwera. Madzi akabwera usiku aliyense amathawa ndi miyendo yake. Anthu anakasonkhana m'masukulu ndi m'matchalitchi, nyumba zomwe zija za masitepe ndi zimbudzi zosaloweka. Nyengo yasintha, mvula yoopsa idzabweranso. Sukulu yomwe tikumanga lero ndi kampu ya mawa.

Musaganize kuti tikunena za anthu awiri kapena atatu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina. Ndi anthu oposa 1.5 miliyoni m'Malawi muno. Mwa anthu khumi alionse, mmodzi. Tayang'anani muno, tilipo angati? Ngati simukuwaona m'misonkhano yathu, kumsika, m'makalasi a ku koleji, si kuti kulibe. Ali kunyumba chifukwa tinamanga dziko lomwe sangalowemo.

Ndipo zomwe tikupemphazi si chifundo ayi, zili m'malamulo. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Gawo 13 limalamula boma kuonetsetsa kuti anthu aulumali akutha kufika m'malo omwe anthu onse amafikamo. Mu 2009 dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, ndipo ndime 9 ya panganolo imatchula nyumba, misewu, mayendedwe, sukulu ndi zipatala, kumudzi ndi m'tauni momwe. Mu 2012, nthawi ya Mayi Joyce Banda, tinakhala ndi lamulo la anthu aulumali. Mu 2024 kunabwera lamulo latsopano lomwe linalowa m'malo mwa la 2012 lija ndi lina lakalekale la 1971, ndipo bungwe lomwe tinkalidziwa kuti MACOHA linasanduka MACODA, lokhala ndi udindo woyang'anira kuti ufulu wa anthu aulumali ukulemekezedwa. Pa pepala tili bwino kwambiri. Koma achemwali aja anakhala pansi pa mango malamulo onsewa alipo.

Nkhondoyi sinayambe ndi ife, tisadzitame. Mayi Rachel Kachaje, omwe anatisiya mu 2020, anadwala poliyo ali mwana ndipo ankayenda pa njinga. Anamenyera ufulu wa amayi aulumali kuno kwathu ndi mu Africa monse, anali mmodzi mwa omwe anayambitsa bungwe la Disabled Women in Africa, ndipo mu 2013 anakhala nduna ya boma yoona za anthu aulumali ndi okalamba. Pali FEDOMA, yomwe imasonkhanitsa mabungwe a anthu aulumali. Pali Malawi Union of the Blind, pali MANAD ya anzathu osamva, APAM ya anzathu achialubino, PODCAM ya makolo a ana aulumali. Anthu amenewa akhala akuyankhula kwa zaka zambiri. Omwe tachedwa kumva ndi ife.

Tsopano tikambe za simenti, chifukwa kulira kokha sikumanga kanthu. Kanjira kotsetsereka kokwerera pakhonde, komwe amisiri amati ramp, kali ndi muyeso wake. Pa sentimita iliyonse yokwera, kanjirako katalike masentimita 12. Masitepe atatu aja, lililonse masentimita 15, ndi masentimita 45. Chulukitsani ndi 12, mupeza masentimita 540. Ndiye kuti ramp ya pamenepo iyenera kutalika mamita asanu ndi theka, kapena kuposerapo. Nanga zomwe timaziona m'nyumba zambiri? Kachitunda ka mita imodzi, kosalala ngati galasi, komwe ngakhale wilibala ya mchenga imabwerera m'mbuyo. Ena amamanga ramp yabwino koma yokathera pa chitseko chomwe chimakhala chokiya chaka chonse. Ena kumtunda kwake amaikako miphika ya maluwa. Ramp yotere ndi yojambulitsa chithunzi cha lipoti basi.

Ramp yeniyeni ikhale yokhakhala kuti tayala ndi ndodo zisaterereke, ikhale ndi zitsulo zogwirira m'mbali, ndipo pamwamba pakhale malo athyathyathya oti munthu aime n'kutsegula chitseko osabwerera chafutambuyo. Chitseko chikhale chotakasuka, pafupifupi masentimita 90. Chimbudzi chimodzi chokha pa sukulu, pamsika kapena pachipatala chikhale ndi pokhalira, zogwirira kukhoma, ndi chitseko chotsegukira kunja. M'mphepete mwa masitepe mupakidwe penti yowala kuti amene amaona movutikira, kuphatikizapo anzathu achialubino, aone pothera sitepe. Ngalande zivindikiridwe. Ulalo ukhale wa matabwa okhomedwa mothithikana. Pamjigo pakhale poti njinga ifike. Mwa zonsezi, ndi chiti chofunika kuitanitsa kunja? Mmisiri wa pa Songani atha kuchita, bola wina amuuze.

Tikudziwa yankho lomwe tikalandire: ndalama palibe. Komatu zomanga zikumangidwa. Midadada ya sukulu, mashedi a m'misika, milatho ing'onoing'ono, zonsezi zimamangidwa ndi ndalama za CDF, za khonsolo ndi za mabungwe. Kuika ramp pomwe nyumba ikumangidwa ndi matumba ochepa a simenti. Kudzagumula nyumba itatha kale ndiye kodula, ndipo pamenepo amapeza chonamizira. Madzi akatayika saoleka, simenti ikauma yauma. Choncho nthawi yathu yoyankhula ndi pomwe pulani ikadali pa pepala.

Mapulani amenewa amayambira kuti? Ku VDC m'mudzi, kupita ku ADC kwa a T/A, mpaka ku khonsolo ya boma la Zomba. Kusukulu kuli komiti ya sukulu ndi mother group. Kuchipatala kuli komiti yoimira anthu a m'dera. Tifunsane moona mtima: ndi angati muno omwe anakhalapo pa msonkhano wa VDC? Ambiri a ife tinapita kusukulu, tili ndi ma degree ndi ma diploma, timalemba bwino pa Facebook, koma misonkhano imeneyi timaiona ngati ya madala. Kumeneko ndi komwe masitepe amabadwira.

Ndipo chigwa chino si malo wamba. Ku Malawi Institute of Education, konkuno ku Domasi, ndi komwe amakonza masilabasi omwe ana a dziko lonse amaphunzira. Ku Domasi College of Education ndi komwe kumasulidwa aphunzitsi a sekondale omwe amatumizidwa kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Mphunzitsi amene waona ndi maso ake, ali pa koleji, mudzi womwe mwana wa pa njinga amafika yekha m'kalasi, adzakafunsa zomwezo komwe akatumizidwe. Tikakonza kuno, nkhani ipita kutali.

Ndiye tikuchoka pano ndi ntchito zinayi.

Yoyamba ndi ya ife eni. Kuyambira lero gulu lathu silichititsanso msonkhano pamalo pomwe mayi wa pa njinga sangalowe yekha, kapena pomwe palibe chimbudzi choti agwiritse ntchito. N'chifukwa chake lero takhala pabwalo pano. Holo ikakhala ya masitepe, tikhala pansi pa mtengo tonse. Mu bajeti ya msonkhano uliwonse muzikhala ndalama ya womasulira chinenero cha manja ndi transport ya womuperekeza munthu. Inu a m'tauni amene mumakonza ma workshop m'ma lodge a ku Zomba, Blantyre ndi Lilongwe, musanalipire deposit funsani za pakhomo ndi za kuchimbudzi.

Yachiwiri, tigule tepi yoyezera. Mwezi uno tiyende m'magulu, sukulu ndi sukulu, msika, chipatala, tchalitchi, mzikiti, ofesi iliyonse yomwe anthu amapitako. Tiyeze, tijambule, tilembe. Koma gulu lililonse litsogoleredwe ndi mayi kapena mtsikana waulumali, chifukwa iye amaona zomwe ife sitiona. Ife tinkaganiza kuti vuto ndi masitepe okha mpaka tsiku lomwe tinaona ulalo uja. Ndipo musajambule munthu n'kumuika pa intaneti asanavomere. Jambulani sitepe, osati nkhope ya munthu kuti anthu amumvere chisoni.

Yachitatu, zomwe tapezazo tipite nazo kwa amfumu, ku VDC, ku ADC, kwa a khansala ndi kwa a phungu, molemba, ndipo tisunge kope yathu. Za tinjira ta m'midzi amfumu atha kugamula ngakhale mawa kuti mizere isalowe m'njira, ndipo pa ntchito yachitukuko tikwirire zigwembe. Paliponse pomwe mwaona njerwa zaunjikidwa, pitani mukafunse pulani. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndiye kufunsa si mwano. Akakana kutimvera, kuli MACODA, kuli Malawi Human Rights Commission, kuli ofesi ya Ombudsman.

Yachinayi, mipando. M'makomiti onse omwe tatchula aja, komanso mu komiti yathu yomwe ino, mukhale amayi aulumali, ndipo akhale ndi mawu pa ndalama. Asamangoitanidwa pa 3 December kudzavina ndi kulandira chitenje.

Akuluakulu anati lungalunga ndi pobadwa, chilema chichita kudza. Mawu oti chilema masiku ano sitiwagwiritsanso ntchito ponena munthu, koma nzeru ya mwambiwu ikadalipo. Tonse timakwera kabaza opanda chipewa. Ena muno ndi oyembekezera, mwezi wachisanu ndi chinayi sitepe iliyonse mudzaiwerenga. Ena mudzatuluka ku opaleshoni mukuyenda chowerama. Tikakhala ndi mwayi tidzakalamba, maso adzachita mdima, mawondo adzakana. Njira yomwe tikukonzayi tidzayendamo tokha.

Achemwali aja ali nafe pano lero. Afika okha mpaka kutsogolo kuno, palibe wawanyamula, ndipo madzi amwa. Chaka chatha tinawamana maikolofoni, ndiye ife tisiyire pomwepa kuti ayankhule eni ake. Tiwaombere m'manja.



Amene mukufuna kulowa nawo m'magulu oyenda ndi tepi, kuno ku Domasi kapena m'dera lanu, tilembereni ku inbox. Mu comment tiuzeni: ndi nyumba iti kwanuko yomwe mayi wa pa njinga sangalowe yekha?